Bedi Loyenda ndi Chitsulo cha pa Geti

"Agogo, ngati agogo aakazi sangathe kukhala pa mpando wa basi, bwanji osangonyamula bedi lawo n'kuliika pa galimoto?"

Anafunsa choncho mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, pa foni, chaka chatha. Onse amene anamva anaseka, ngakhale mwini wake wa bedilo. A Milimita okha ndiwo sanaseke. Anatuluka panja n'kukaima kumbuyo kwa pikapu yawo yakale, manja ali m'thumba, akuiyang'ana ngati akuiona koyamba.

Dzina loti Milimita anawapatsa ndi anzawo a ku fakitale yopanga mabodi a mabasi, kumene anagwirako ntchito yowotcherera zitsulo zaka makumi atatu. Munthu akati "zakwana," iwo ankatulutsa tepi. Akati "pafupifupi," ankamuyankha kuti pafupifupi ndi mchimwene wake wa ngozi.

Akazi awo, chivulalireni msana, kugona ankagona, kuyenda ankayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, koma kukhala pa mpando mphindi zopitirira khumi kunali ngati kuwalowetsa waya wamoto kuyambira m'chiuno mpaka ku chidendene. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala kutali ndi banja lake, ulendo wa masiku atatu pa msewu. Tsopano anali woyembekezera, ndipo madokotala anali ataika kale tsiku la opaleshoni: Lolemba m'mawa. Mayi ananena kamodzi kokha, osakweza mawu, kuti, "Ameneyu ndikamulandira ndi manja anga."

Miyezi isanu ndi iwiri galimotoyo sinatuluke m'bwalo. A Milimita anamanga pamsana pake kanyumba ka mapaipi achitsulo, n'kukakuta ndi malata opepuka. M'kati anaikamo bedi pansi penipeni, chigubu cha madzi, batire ndi kabati yotalika pansi pa bedi yosungiramo zipangizo. Denga lake linali lotukuka. Poyenda linkagona pansi, lomangidwa ndi ngowe zinayi, kuti Mayi azingogona m'katimo galimoto ili pa msewu. Akaima, munthu ankamasula ngowezo n'kukankha ndi dzanja limodzi, denga n'kudzuka lokha, lona wa m'mbali n'kutambasuka, mpaka munthu n'kuimirira m'katimo osagunda mutu. Chitseko chinali kumbuyo. Anachipanga cholimba, poganizira akuba a m'njira.

Lonayo anasoka okha ndi chisingano chachikulu, ndipo msoko wake unkayenda ngati woledzera. Zinali zochititsa manyazi, chifukwa wosoka anali pafupi pomwepo. Nyumba ya a Milimita inali kumbuyo, ndipo kutsogolo, moyang'ana msewu, kunali nyumba ya a Telala, mayi wamasiye wosoka zovala. Bwalo linali limodzi, geti limodzi. Koma anthu awiriwa anali atatha chaka ndi theka osapatsana moni.

Chinayambitsa ndi timoto ta girayinda, makina a a Milimita odulira zitsulo, timene tinauluka tsiku lina n'kuboola diresi laukwati la kasitomala, lili pa chingwe. Zikanathera pa kupepesa. Koma mkangano utakula, a Milimita analoza chitsulo chopingasa pamwamba pa geti, chimene pankalendewera kachikwangwani ka a Telala, n'kunena kuti tsiku lina adzachidula, poti amene anachiwotcherera anangopakapo zitosi za nkhuku. Amene anachiwotcherera anali malemu amuna awo a a Telala, kalaliki amene anabwereka makina owotcherera Loweruka lina n'kudziphunzitsa yekha, patatsala mwezi umodzi kuti amwalire. A Telala sanakalipe. Anangoti, "Tsiku limene mudzakhudze chitsulo chimenecho, mudzayambe mwadula ine." Kuyambira pamenepo, mawu anatha.

Chitsulocho a Milimita anachiyeza asanayambe n'komwe kumanga, tsiku limene a Telala anapita ku msika. Analemba ndi choko pa khoma la nyumba yawo: Geti 214. Atamaliza denga anayezanso n'kulemba pansi pake: Galimoto 210. Masentimita anayi, zala ziwiri, zinali zokwanira. Mlungu watha, atalongedza madzi ndi katundu, anaona kuti kumbuyo kwa galimoto kukugwada, choncho anawonjezera zitsulo ziwiri zophwatalala pa sipuling'i iliyonse yakumbuyo. Galimoto inadzuka n'kuima mwamatama ngati tambala. Mayi anati yabwerera ku utsikana.

Lachisanu anafuna kunyamuka m'mamawa, koma kusambitsa Mayi, kuwapatsa mankhwala ndi kuwalowetsa mosamala kunadya nthawi. Pamene ankatseka chitseko, dzuwa linali litakwera ndipo simenti ya m'bwalo inkawotcha kupyola nsapato.

"Mwagona bwino?" anafunsa pa kawindo ka m'mbali, kongokwana mbale yaikulu, kotchingidwa ndi sefa yawaya.

"Ngati mfumukazi. Tiyeni, bambo a mwana, muno mwayamba kutentha."

"Tikangolowa mu msewu mphepo ilowa."

Analiza injini n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, maso ali pa magalasi, chifukwa m'mbali malo anali ochepa. Mutu wa galimoto unatuluka. Kutsogolo kwa kanyumba kunalowa pansi pa chitsulo bwinobwino. Kenako panamveka kukwecha pang'ono. Anaganiza kuti ndi kachikwangwani kaja kakukhudza denga, ndipo poti matayala akumbuyo ankakwera kamtumbira ka simenti ka pa geti, anaponda moto pang'ono.

Chitsulo chinalira mawu aatali, onyansa. Galimoto inagwedezeka n'kuima, injini n'kuzima.

Anatsika. Tsidya la msewu, a Ometa anali atatuluka kale m'kashopu kawo kometera, chipeso chili m'manja.

"Aneba, nyumba yanu yakana kusamuka," anatero a Ometa.

A Milimita anayandikira geti. Anayang'ana m'mwamba. Theka la kanyumba linali kunja, theka m'bwalo. Chitsulo cha geti chinali chitapindikira m'mwamba ngati uta, chitakanikiza denga, ndipo ngowe imodzi ya denga inali itadutsa n'kukola kuseri kwake. Anayang'ana pansi, pa masipuling'i. Apo ndi pamene anazindikira. Nambala ya pa khoma inali ya galimoto ya masipuling'i akale aja. Atalimbitsa masipuling'i, kumbuyo kunakwera, ndipo tepi sanaitulutsenso. Anali atakhulupirira choko.

Anabwerera pa chiwongolero n'kuyesa kubwerera m'mbuyo. Matayala anazungulira pamalo amodzi, akununkha mphira, ngowe ija itagwira. Analeka.

Pakati pa galimoto ndi mizati ya geti panalibe podutsa ngakhale mphaka. Njira yokha yolowera m'bwalo inali kudzera m'chipinda chosokera cha a Telala, chimene chinali ndi khomo ku msewu ndi lina kumbuyo. Anaima pa khomopo, atavula chipewa.

"Odi. Ndidutse nawo."

A Telala anali pa makina, mapini atatu ali pakamwa. Anali ataona zonse pa windo. Anangokoka mpando wawo pang'ono. A Milimita anadutsa chammbali pakati pa tebulo lodulirapo nsalu ndi zovala zolendewera, akusamala kuti asakhudze chilichonse.

"Tafika kale?" anamveka Mayi pa kawindo.

"Musadandaule. Tagwira pang'ono pamwamba. Ndikutulutseni kaye."

Anapotoza chogwirira cha chitseko. Chinatembenuka, koma chitseko sichinasunthe. Anakoka ndi manja awiri, phazi litaponda bampala. Ayi ndithu. Chitsulo chinali chitapotoza kanyumba konse, ndipo chitseko chinali chitalumidwa ndi mphuthu zake, kona yapamwamba italowa m'kati mwa inzake. Anathamanga kudutsanso m'chipinda muja, n'kubwera ndi sipanala ya matayala. Anailowetsa m'mphepete n'kukanikiza ndi thupi lonse. Sipanala inaterereka n'kuwasupula chala. Chitseko chimene anachipangira akuba chinagwira ntchito yake.

"Phwetsani matayala, itsika yokha," anatero a Ometa, amene anali atawatsatira.

Anali malangizo abwino, ndipo a Milimita anachita manyazi kuti sanawaganize okha. Anagwada n'kutulutsa mpweya m'matayala onse akumbuyo. Galimoto inatsika, iwo akuona ndi maso. Koma denga silinasiyane ndi chitsulo. Masipuling'i amene anali atapanikizika anangodzuka kutsatira, ndipo chitsulo chopindikacho chinatsika nawo limodzi. Chinanso, poti simenti inatsetserekera ku ngalande, galimoto inapendekeka n'kutsamira mzati.

"Girayinda yanu ili kuti?" anafunsa a Ometa.

"M'kati."

"Nanga sowo? Chitsulo chokanulira?"

"Zonse. M'kabati ya pansi pa bedi. Imatsegukira ku chitseko."

A Ometa anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya anzawo anatsekanso. "Ndithamangire kwa makaniko a kuseri kwa msika. Koma ndi kutali, aneba. Kupita ndi kubwera, ola." Anaika chipeso m'thumba n'kunyamuka.

A Milimita anagwira malata a kanyumba n'kuchotsa dzanja msanga. Kabowo kotulutsira mpweya ka pa denga kanali pansi pa chitsulo penipeni, katatswanyika. Kawindo ka mbali inayo kanali katatsamira mzati. Panatsala kamodzi kokha.

"Bambo a mwana." Mawu a Mayi anali atatsika. "Botolo lamadzi lagubuduzikira ku miyendo. Sindingalifikire."

"Ndikubweretserani."

"Mulowetsa pati? Sefa yanuyi munaikhoma ngati ya ku ndende."

Anali ataikhomadi ndi misomali yosazuka, khumi ndi iwiri. Anayesa kuibowola ndi sipanala, koma waya unangolowa m'kati osaduka, pafupi ndi nkhope ya Mayi.

"Tapatukani."

Anali a Telala. Anali ataima kumbuyo kwawo, mapini atachotsa pakamwa, m'manja muli sizasi yawo yaikulu ya zogwirira zakuda. Aliyense wa mu msewu umenewo ankadziwa za sizasi imeneyo. Sinkadula pepala, sinkadula chingwe, sinkabwerekedwa ngakhale kwa m'bale. A Telala anaiyang'ana kamphindi, kenako analowetsa nsonga yake mu sefa n'kuyamba kudula. Waya uliwonse unkalira pa mano a sizasi, ndipo nkhope yawo inkachita tsinya ngati akudula chala chawo. Atamaliza anapinda sefayo kunja n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa.

"Achemwali, ndine. Mukundimva?"

"Ndakumvani, anzanga. Pepani, takusokonezani ntchito."

"Ntchito sithawa." Anatulutsa mkono n'kutembenuka. Kwa nthawi yoyamba pa chaka ndi theka anawayang'ana a Milimita m'maso. "Munthuyu akupsa. Katengeni madzi m'ndowa pa khomo panga, ndi kapu, ndi kansalu kalikonse."

Atabwera nazo, a Telala anamwetsa Mayi pang'onopang'ono, n'kuwapukuta kumaso ndi m'khosi ndi kansalu konyowa. A Milimita anathira madzi otsala pa malata. Anauma akuona.

Kenako anangoima. Ankadziwa chimene chinatsala: kudula chitsulo cha geti.

"Musawapemphe zimenezo, bambo a mwana," anatero Mayi m'katimo. "Tidikire a Ometa."

"Ola lathunthu simungafike," anatero a Telala, osatembenuka. Anafinya kansalu. "Munanena kuti mudzachidula. Tsiku lake ndi lero?"

"Ndinalankhula zopusa tsiku lija."

"Sindinafunse zimenezo. Pali njira ina?"

"Ndayang'ana. Palibe."

"Yang'ananinso. Si inu a Milimita?"

Anayang'ananso, moona mtima. Mabawuti omangira kanyumba ku galimoto anali m'kati. Mizati inali yokwiriridwa mu simenti. Jeke ikanangokweza zinthu m'malo motsitsa. Anapukusa mutu.

A Telala analowetsanso mkono m'kawindo. Chimene dzanja lawo linkamva m'katimo ndi iwo okha ankachidziwa. Kenako anati, "Gwirani kansaluka," n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi makwerero aafupi pa phewa ndi kanthu kokulunga m'malaya akale aamuna. Anali sowo yodulira zitsulo, ya chogwirira chofiira, mpeni wake uli ndi dzimbiri.

"Ndi imene anadulira malemu amuna anga pochipanga. Mpeni wina palibe."

A Milimita analandira ndi manja awiri. Anakwera makwerero n'kuyang'ana. Pakati pa mzati ndi denga panali kampata ka zala zitatu, ndipo m'kampatamo ndi momwe munali powotcherera paja, pa timibulu takuda tosanjikizana. Pamenepo sowo ikanayenda momasuka. Anaika mpeni.

"Pamenepo ayi."

Anayang'ana pansi. A Telala anali atakweza mutu.

"Pamene anawotcherera iye ayi. Dulani pena paliponse."

"Pena ponse pali pamwamba pa denga, aneba. Sowo ikamatsika idya denga."

"Denga ndi lanu."

Anayang'ananso timibulu tija. Galimoto yathunthu inali itakankha chitsulocho mpaka kuchipinda, koma pamenepo panalibe mng'alu ngakhale umodzi. Anasuntha sowo chikhatho chimodzi, pamwamba pa mphepete mwa denga limene analisalaza masabata atatu, n'kuyamba kucheka.

Mpeni unali wobuntha. Poyamba unkangotsetsereka, kenako unagwira, tinyenyeswa tachitsulo n'kuyamba kugwera pa malata. Thukuta linkalowa m'maso. Anthu anali atayamba kusonkhana ku msewu, ena akupereka nzeru zimene palibe anazipempha, koma iwo sankamva. Ankangomva sowo ndi mawu a a Telala pansipo, akulankhula mosalekeza ngati munthu woopa kuti akasiya china chake chisiyanso.

"Ndiye mwanayo akuti ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

"Sanafune kudziwa."

"Ana a masiku ano. Ndiye munthu usoke chovala cha mtundu wanji?"

"Chachikasu," anatero Mayi, n'kuyesa kuseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa.

Sowo itafika pakati, inayamba kulimba. Chitsulo chopanikizikacho chinkatseka mpata n'kuluma mpeni. A Milimita ankadziwa kuti pamenepa pofunika kufatsa, ndipo akanakhala kuti akuphunzitsa munthu akanamuuza choncho. Koma pansipo a Telala anali atafunsa funso lina ndipo yankho la Mayi silinabwere. Anakankha mwamphamvu. Mpeni unathyoka pakati.

Anakhala akuyang'ana zidutswa ziwirizo.

"Achemwali? Achemwali, tandiyankhani." A Telala anali atakanikiza tsaya pa malata otenthawo kuti mkono ufike patali. "Akupuma. Koma maso atseka. Mwaimiranji inu?"

"Wathyoka."

"Ndiye mulira? Chekani ndi chotsalacho."

Anamasula chidutswa chachitali n'kukulunga mbali imodzi ndi malaya akale aja. A Telala, osatulutsa mkono, analoza ndi mutu ku windo la chipinda chawo. "Pa makinapo pali kabotolo ka mafuta." Mayi wina wa m'gulu la ku msewu analowa n'kukabweretsa. A Milimita anadonthezera mafuta a makina osokera mu mpatamo, n'kukhomeramo nsonga ya sipanala kuti usatsekeke, n'kuyambanso. Tsopano ankacheka ndi kachidutswa kotalika ngati chikhatho, kukoka kufupikufupi. Mano a mpeni anabowola nsalu n'kufika pa zala. Sanasiye. Anamva mpeni ukulowa m'malata a denga, mawu ake atasintha, ofewa. Sanasiyenso.

"Tsitsani mutu, aneba," anatero. "Chikaduka chidumpha."

"Mkono sinditulutsa."

"Mutu wokha."

Anakoka kasanu, kasanu ndi kamodzi. Chitsulo chinalira ngati mfuti n'kudumphira m'mwamba, kuphonya chibwano chawo pang'ono. Kachikwangwani kanagwa pansi. Kanyumba konse kanagwedezeka n'kudziwongola, ndipo kumbuyo kunamveka kaphokoso kakang'ono: chitseko chinatseguka chokha.

Mpweya umene unatuluka unali ngati wa mu uvuni. Anawakoka Mayi ndi matiresi omwe, a Milimita ku miyendo, a Telala ndi mayi uja ku mutu, n'kukawagoneka pa simenti yozizira ya m'chipinda chosokera, pakati pa tizidutswa ta nsalu. A Telala anayatsa fani, n'kuwamasula mabatani, n'kuwaika nsalu zonyowa m'khosi ndi m'khwapa. A Milimita anagwada pambali, magazi a zala akudonthera pa thalauza, akuwerenga mpweya wa akazi awo ngati akuwerenga mizere ya pa tepi.

Patapita mphindi zingapo Mayi anatsegula maso. Anayang'ana kudenga, kenako madiresi olendewera, kenako amuna awo.

"Ulendo wa masiku atatu," anatero motsitsa, "tafika kwa aneba."

A Telala anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kusekako kutatha anapukuta maso ndi m'mphepete mwa epuloni.

A Ometa anatulukira thukuta lili kamukamu, girayinda ili pa phewa. Anaona chitsulo chitaloza kumwamba ndi chitseko chili pululu. "Ndiye ndathamangira chiyani ine? Kasitomala ndamusiya mutu theka."

"Gwirani pampu," anatero a Milimita. "Matayala awiri akudikira."

Namwino wa pa kachipatala ka kumapeto kwa msewu anabwera, n'kuwayeza Mayi, n'kunena kuti amwe madzi ambiri ndipo asasunthe mpaka dzuwa litapendeka. A Milimita anati ulendo ulephereke, ayimbira mwana foni.

"Mumuuza kuti chiyani?" anafunsa Mayi. "Kuti bambo ake anaiwala kuyeza? Sakhulupirira. Tinyamuka madzulo ano, tigona pamene tifike. Lamlungu usiku tikhala tili kumeneko."

"Mukanafa m'menemuja."

"Ndikanafa. Sindinafe. Mawindo muwonjezere, basi."

Ndi girayinda ya makaniko aja a Milimita anaboola kawindo kena kakakulu pa chitseko, ndipo loko anaisintha kuti izitsegukanso ndi m'kati ndi chingwe chofika pa pilo. Amuna anayi anakankhira chitsulo chodukacho m'mwamba, galimoto n'kutuluka yonse. Ili pa msewu, a Milimita anamasula ngowe n'kukankha denga. Linadzuka, mopendekeka pang'ono, koma linadzuka. M'mphepete mwake munali bala la sowo lotalika ngati chala.

A Telala anazungulira galimotoyo, akuyendetsa chala pa msoko wa lona.

"Anasoka ndani zimenezi?"

"Ine."

"Ndi maso otsegula?"

"Zitosi za nkhuku," anatero a Milimita, akuyang'ana pansi.

A Telala anatembenuka. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachigamba ka lona wokhuthala ndi guluu, n'kuwapatsira kuti amate pa balalo mvula isalowe. Kenako anakwera pa bampala ndi singano, n'kulimbitsa makona anayi amene ankaoneka kuti sangafike Lamlungu. Ulusi ankadula ndi mano. Sizasi ija inali pa tebulo, mano ake ali ndi timipata tonyezimira.

Dzuwa litapendeka anawalowetsanso Mayi, botolo lamadzi atalimangirira pafupi ndi dzanja. A Telala anaika kathumba ka pepala pa mapazi awo. Munali kachipewa kachikasu, kosokedwa masana omwewo.

A Milimita anatola kachikwangwani kaja, n'kukapukuta ndi mkono wa malaya, n'kukapereka. Awiriwo anaima pa geti, pansi pa chitsulo chopindikacho. Ku mzati kunatsala kachitsa kotalika ngati chikhatho, timibulu take tili chigwirire.

"Amuna anu anawotcherera bwino," anatero a Milimita. "Ndi maonekedwe okha. Chinagwira galimoto."

"Ndikudziwa. Ndinalipo tsiku limenelo. Anapsa zala zonse."

"Ndikabwera ndidzachiwongola, ndidzachilumikiza pamene ndadulapo. Pamalo pawo paja sindidzakhudza, ngakhale kupala. Chidzakhala pomwe chinali."

A Telala anayang'ana chitsulo, n'kuyang'ana kanyumba. "Chikabwerera pomwe chinali, chinyumba chanuchi chidzalowa bwanji?"

"Ndidzakumba pansi. Ndidzaswa simenti ya pa getiyi, nditsitse chikhatho chathunthu."

"Mudzayeze kawiri."

"Katatu. Ndipo tepi mudzagwire ndinu. Sizasi ija ndidzainola ndekha pa mwala, dzino ndi dzino, mpaka izidzadula silika."

"Tidzaona," anatero a Telala. Anatambasula dzanja. "Bweretsani makiyi a nyumba. Mawindo ndizitsegula, maluwa a achemwali ndizithirira. Mukadzabwera, lona yenseyo mudzamuchotse mundipatse, ndidzamusoke ngati wa anthu. Koma mundibweretsere munthuyo wamoyo."

A Milimita anaika makiyi m'dzanja lawo.

"Ndidzabwera naye," anatero.